Njala ikachoka, zizolowezi zake zimatsala: mmene mungatetezere banja kuyambira pokolola mpaka Malichi

Kuno kum'mawa timalima. Chimanga cha ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi chimakwera malole kukadyetsa anthu a ku Lusaka, ndipo nshawa zathu zimadziwika dziko lonse. Komabe mukayenda mu Kapata, Mchini kapena Nabvutika mwezi wa Febuluwale, kapena m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza, n'kufunsa kuti mphika wa nsima mwatereka kangati lero, m'makomo ambiri akuuzani kuti kamodzi. Nc'wala ikamachitika ku Mtenguleni, Inkosi Mpezeni akulawa zakumunda zoyamba, ufa m'nyumba zambiri umakhala utatha kalekale. Mu 2024 zinanyanya. Mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni a chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Koma ngakhale chaka cha mvula yabwino, kuyambira Disembala mpaka Malichi zinthu zimathina.

Munthu wa njala amafuna chinthu chotchipa ndi chofulumira, chimene chingatontholetse m'mimba kapena m'mutu. M'pamene pamalowera tiyi wa shuga wambiri ndi vitumbuwa, kachasu wa m'mawa, nsunko, kudumphitsa mankhwala, makina a bonanza ndi kaloba. Chimanga chatsopano chikafika njala imachoka, koma zizolowezi zija sizichoka nayo. Ambiri amene timawanyoza kuti ndi zidakwa kapena anthu osadzisamala anayambira pa mbale yopanda kanthu, ndipo kuwakalipira mbaleyo idakali yopanda kanthu n'kutaya mawu.

Malangizowa ndawayala motsata chaka cha mlimi, chifukwa njala ya Febuluwale imayambira pa zimene tachita mu Meyi. Inu a m'komboni amene simulima, musadumphe, zambiri zikukukhudzani.

Choyamba: werengani matumba musanagulitse ngakhale meda imodzi

Mukangomaliza kutong'ola, khalani pansi nonse awiri, bambo ndi mayi, ndi kope ndi pensulo. Funso ndi limodzi: thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo pano? Amene amadziwa yankho lenileni ndi amene amapita kuchigayo, choncho apa mawu a mayi ndiwo alemere. Ngati thumba limatha masabata atatu, kuchokera Meyi kufika kumapeto kwa Malichi mufunika matumba 16. Onjezanipo awiri kapena atatu a maliro, alendo ndi olipira aganyu. Amenewo ndi a pakamwa. Alembeni chizindikiro, muwaike paokha. Otsalawo ndiwo a kumsika.

Tonse tikudziwa mmene zimayendera. Mavenda amafika ndi masikelo awo mu Epulo ndi Meyi, chimanga chisanaumitsitse n'komwe, nthawi imene pakhomo palibe sopo, mchere, ngakhale nsapato za mwana wa sukulu. Mtengo umakhala pansi chifukwa aliyense akugulitsa. Chimanga chomwecho timakachigulanso mu Januwale chitakwera, ndi ndalama ya ganyu kapena ya ngongole. Ganyuyo alinso ndi mtengo wake wosaoneka: masiku amene mukupalira m'munda mwa eni, wanu ukudyedwa ndi udzu, ndipo zokolola za chaka chamawa zachepa kale. Ndalama ikafunika mwachangu, yambani mwagulitsa nkhuku, mpendadzuwa, thonje kapena gawo la soya. Matumba a chizindikiro aja asakhudzidwe.

Awerengeninso nthawi ya Kulamba mu Ogasiti, kenako kachitatu mvula yoyamba ikagwa. Mukaona kuti safika, chepetsani mtanda pang'ono kuyambira Seputembala, n'kumathandizira ndi mbatata kapena chinangwa. Kuteroko n'kwabwino kuposa kudya mokhuta mpaka Khirisimasi kenako n'kumagonera madzi. Munthu amene wazolowera kusowa, akapeza amadya ngati mawa kulibe, ndipo mwana wokulira m'nyumba yotero amatengera kadyedwe komweko mpaka kukula.

Za ndalama ya fodya ndi thonje, imene imabwera kamodzi n'kudzaza thumba, mawu ndi ochepa: tsiku limene yalowa, gulani kaye chakudya chimene chikuperewera ndi mbewu, musanapite kulikonse kumene kuli anzanu.

Chachiwiri: sungani ndiwo monga mmene mumasungira chimanga

Nsima yokhayokha imakhutitsa kanthawi kochepa. Chimene chimagwira m'mimba nthawi yaitali ndi kumanga thupi ndi nyemba, khobwe, nzama, nandolo, nshawa ndi soya. Koma izi n'zimene timathamangira kugulitsa zonse poti zili ndi mtengo. Zimandipweteka kuona banja lolima nshawa zabwino, mwina za mitundu yotuluka kumalo ofufuzira zaulimi a Msekera komwe kuno, likudya chibwabwa chamchere wokha mu Januwale chifukwa nsinjiro inapita ndi lole. Patulani thumba la nshawa zosaswa, ndowa zingapo za nyemba kapena khobwe, ndi ndowa ya soya. Zilembeni m'kope lija pamodzi ndi chimanga.

Kusunga kumayamba ndi kuumitsa. Yanikani pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Kuti mudziwe ngati chimanga chauma, tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani, mudikire mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga chikadali ndi chinyezi, chibwezereni padzuwa. Ngati mungakwanitse, gulani matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Safuna mankhwala. Mumafinya mpweya, n'kumanga pulasitiki iliyonse payokha, ndipo anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya. Aikeni pa thandala, asagunde khoma, ndipo makoswe asawayandikire, chifukwa kabowo kamodzi kamawononga ntchito yonse.

Chuku musachitenge mwachibwana. Chimanga ndi nshawa zosungidwa ndi chinyezi zimamera nkhungu yotulutsa poizoni amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuphika sikumupha. Mu Ogasiti 2024 a unduna wa zaumoyo analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Nthawi ya njala m'pamene timakopeka kuti tingogayitsa chowola chomwecho, kapena kusinja nshawa zofota zosankhidwa pa zogulitsa n'kuthira m'phala la mwana. Ayi. Zakuda, zofota, zowawa ndi zonunkha nkhungu zitayeni. Musafululire mowa, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Chizolowezi chowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe poswa nachonso chithe, chifukwa n'chimene chimaitana chuku.

Kenako mfutso. Mu Febuluwale ndi Malichi masamba amachuluka mpaka kutayika: chibwabwa, bondwe, chitambe, kholowa, therere. Aviikeni m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, muwatsanule, muwayanike pa thandala pamalo odutsa mphepo koma osawombedwa ndi dzuwa lamphamvu, kuti asataye mavitamini ambiri. Akauma gwa, aikeni m'chigubu chotseka kapena m'chikwatu. Mbatata ndi maungu nazonso zimadulidwa n'kuyanikidwa. Amene ali ndi dimba alisamale. Amene ali pa lendi m'tauni adzaze dothi ndi manyowa m'masaka awiri atatu, aboole m'mbali, abzale repu ndi bondwe, azithirira ndi madzi otsukira ndiwo.

Chachitatu: pakhomo pasatuluke munthu wopanda kanthu m'mimba

Mukati musankhe chinthu chimodzi chokha pa zonse ndalembazi, sankhani ichi.

Taonani bambo wonyamula malasha panjinga. Wadzuka tambala woyamba, wamanga matumba atatu pakaliyala, wakankha njinga pa zitunda zonse zolowera m'Chipata, malaya anyowa ndi thukuta, m'mimba muli madzi okha. Pofika 10 koloko wagulitsa thumba limodzi, miyendo ikunjenjemera, maso akuchita mdima. Pafupi pali mayi wogulitsa kachasu, ndipo kakapu kamodzi n'kotchipa kuposa mbale ya nsima ya pamsika. Akamwa, m'mimba mumatentha, kunjenjemera kumaleka, akuona ngati mphamvu zabwerera. Mawa lake adutsanso pomwepo. Pakutha pa dzinja, sakumweranso njala. Thupi layamba kuufuna lokha. Mwana wa sukulu naye chimodzimodzi: akatuluka osadya, kandalama kalikonse kamene wapatsidwa kamathera pa majigisi ndi maswiti, lilime n'kuzolowera mchere ndi shuga, ndiwo zamasamba n'kuyamba kuzikana.

Chotchinga zonsezi ndi phala la m'mawa, koma lolemera. Konzani ufa wake motere. Sankhani soya, muchotse miyala ndi zowola. Wiritsani madzi, ndipo akamabwadamuka thiranimo soyayo ali wouma, pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira. Musamuviike kaye m'madzi ozizira, chifukwa m'pamene pamachokera fungo limene ana amadana nalo. Aphike mphindi 30, mum'tsanule, mum'yanike mpaka aume. Soya wosaphika kapena wosakazinga amavuta kugayika m'mimba. Kenako sakanizani makapu anayi a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soyayo, mukagayitse pamodzi. Pophika thiranimo supuni ya nsinjiro, ndipo ngati muli ndi mfutso wosinja, thiranimonso pang'ono. Phala la mwana likhale lolimbirako, losayenderera msanga pa supuni. La madzimadzi limadzaza mimba popanda chopatsa thupi. Soya akasowa, nsinjiro yokha ikwanira. Amene anabzala chimanga cha olenji, chimene chinayamba kupezeka m'dziko muno mu 2012, kapena mbatata yofiira mkati, ali ndi mwayi wa vitamini A m'mbale momwemo.

Mwina mukuti, ife ufa wathu ndi wa kamodzi patsiku, phala lichokera kuti? Ufa womwewo ugaweni pawiri. Tapanipo kapu imodzi madzulo musanaphike, muisungire m'mawa. Kapena siyani mtanda umodzi ukhale mkute, m'mawa muutenthetse mpaka utenthe mkati mwenimweni. Chakudya chochepa chodyedwa kawiri chimayendetsa tsiku bwino kuposa chomwecho chodyedwa kamodzi usiku munthu atafooka kale. Wopita kumunda kapena kukagwira ganyu anyamule thobwa m'chigubu, nshawa zokazinga m'thumba, kapena mbatata yophika. Mayi musaope kunena kuti, "Abambo, phala lapsa, yambani mwadya musanatuluke." Mawu amenewo amagwira ntchito kuposa ndewu ya usiku.

Chachinayi: kandalama kochepa kagule chakudya chenicheni

Pa kantemba zonse zimabwera tating'onoting'ono: pamela wa ufa, saladi womangidwa m'kapulasitiki, shuga wa masupuni ochepa, kamulu ka malasha. Wolandira ndalama ya tsiku sangachitire mwina, koma mukawerengetsa pa mwezi mupeza kuti wogula mapamela amalipira zambiri kuposa wogula thumba la makilogalamu 25. Njira yake timaidziwa kale: chilimba. Mabanja anayi kapena asanu odalirana asonkhe, agule thumba, agawane ndi meda. Chimodzimodzi saladi, nyemba ndi kapenta. Ku Saturday Market kapena ku Kapata, wogula ndowa amatsitsiridwa kuposa wogula kamulu.

Pakati pa bulekifasi ndi rola, tengani rola, kapena mgaiwa wa kuchigayo. Ndi wotchipa, uli ndi gaga ndi mtima wa chimanga zimene zimachotsedwa mu ufa woyera, ndiponso umakhalitsa m'mimba. Manyazi akuti rola ndi wa amphawi atilanda zambiri.

Ndiye pali tiyi. M'makomo ambiri kadzutsa ndi nkhomaliro zasanduka kapu ya tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi vitumbuwa ziwiri zokazingidwa mu saladi wakuda wobwerezabwereza. Zimatseka njala msanga, n'zoona, koma pakapita kanthawi munthu amafookanso n'kufuna zina. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati shuga wothira asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni a tiyi 12, ndipo botolo limodzi la mamililita 500 la zakumwa zambiri zotsekemera limafika pamenepo lokha. Shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A kuyambira 1998, koma chimenecho si chifukwa chomuunjikira m'kapu. Chepetsani supuni imodzi sabata ino, ina sabata yamawa; lilime limazolowera. Tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsanso thupi kutenga ayironi wopanga magazi, choncho amayi oyembekezera ndi atsikana adikire ola limodzi atadya. Ndalama ya vitumbuwa ziwiri igule mbatata, nthochi, dzira kapena nshawa.

Mchere nawo umachuluka ndiwo zikachepa, poti timafuna kandiwo kochepa kamalize mtanda wonse. Mlingo wake ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kutanthauza supuni ya tiyi imodzi yosadzaza, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Kapenta wamchere muyambe mwamuviika n'kutaya madziwo. Nyama ya soya ndi ndiwo yabwino ndithu, koma timapaketi tokometsera ndi timakyubu tili ndi mchere wambiri. Thirani theka, mukometse ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimapha mavitamini, choncho zisiyireni therere, kwinaku duladulani masamba bwino n'kuphika kanthawi kochepa.

Musadabwe kuona m'nyumba imodzi muli mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa wodwala BP kapena shuga. Onse awiri akudya mbale imodzi: ufa woyera, shuga, saladi ndi mchere, popanda zomanga thupi. Kunenepa kotero si chizindikiro choti pakhomo pali bwino. BP siimva kuwawa poyamba, choncho aliyense wamkulu akapita kukiliniki, ngakhale poperekeza mwana, apemphe kuti amupime.

Chachisanu: mowa ndi fodya

Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma timabotolo ta mowa waukali wotchipa ndi kachasu zidakalipo, ndipo zimagwira kwambiri munthu wosadya. Mowa ukagwera m'mimba yopanda kanthu umalowa m'magazi mofulumira, umakanda chifu, ndipo ukhoza kutsitsa shuga wa m'magazi mpaka munthu kukomoka. Pali matenda ena amene anthu amathamangira kuwatchula ufiti. Khungu limada ndi kukakala ngati lapsa pamalo owombedwa ndi dzuwa, kuzungulira khosi, kuseri kwa manja ndi pamapazi. Munthu amatsegula m'mimba kosalekeza, kenako mutu umayamba kusokonekera. Achipatala amawatcha pellagra. Amagwira anthu odalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira, makamaka akamamwanso mowa. Amachizika ndi mapiritsi a vitamini, ndipo nshawa, nyemba, kapenta ndi nyama zimawateteza. Mukaona zizindikirozi, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo.

Pothandiza munthu wakumwa, tsatani dongosolo ili. Yambani ndi chakudya cha m'mawa chija kwa masabata angapo musanatchule n'komwe za kusiya. Kenako sankhani nthawi imene sanamwe, muli awiri, ana palibe, muwerengere limodzi ndalama ya mowa ya sabata yatha n'kuisandutsa mameda a chimanga kapena milu ya kapenta. Lolani kuti masamuwo achite yekha. Gwirizanani chinthu chimodzi chotheka: osamwa dzuwa lisanapendeke, osamwa asanadye, kapena ndalama ya tsiku iyambe yafika kunyumba. Kenako ganizirani za maola amene ankathera kumowa, chifukwa kuchotsa mowa osaikapo china kuli ngati kulambula munda n'kuusiya osabzala, udzu umabwerera. Dimba, kwaya, mpira, bawo, gulu la abambo a kumpingo, chilichonse chimene chili ndi anthu ndi nthawi yake. Amuna ambiri amamwera manyazi olephera kudyetsa ana, ndipo manyazi amakula munthu akakhala yekha.

Chenjezo lofunika: munthu amene wamwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, amene manja amanjenjemera m'mawa asanamwe, asasiye mwadzidzidzi payekha. Akhoza kugwa khunyu kapena kuyamba kuona zinthu zosaoneka. Apite kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital kuti amuthandize kusiya bwinobwino. Ndipo ngati mowa wabweretsa nkhanza m'nyumba, imeneyo si nkhani yopirira: nambala ya 933 ndi yaulere, ya ana ndi 116.

Fodya naye amanamiza njala kwa kanthawi, n'chifukwa chake agogo ndi amayi ena amaika nsunko pansi pa mlomo m'malo mwa nkhomaliro, anyamata n'kumapichira ndudu. Koma amakweza BP, amawononga nkhama ndi mapapo, ndipo njala imabwerera ndalama itapita. Chilakolako chake chimakwera n'kutsika pakapita mphindi zochepa. Nthawi imeneyo tafunani nshawa kapena chimanga chokazinga, mwani madzi, imirirani muyende.

Chachisanu ndi chimodzi: mankhwala asadumphe chifukwa cha njala

Ambiri amene ali pa ma ARV amaleka kumwa ufa ukatha, poopa kuti mankhwala awapweteka m'mimba mopanda kanthu. Ena amati amawonjezera njala. Mapiritsi a TLD, amene ambiri akumwa masiku ano, amamwedwa munthu atadya kapena asanadye. Kudumphitsa n'kumene kuli koopsa, chifukwa kachilombo kamachulukanso ndipo kakhoza kuleka kumva mankhwala. A TB ndi a BP nawonso asalekezedwe.

Odwala shuga nkhani yawo ndi yosiyana. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, akamwa osadya shuga akhoza kutsika kwambiri: thukuta lozizira, kunjenjemera, kulankhula zosamveka. Zikatero, ngati akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga msanga, kenako chakudya, n'kupita naye kuchipatala. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye. Koma musadikire zimenezo. Pitani kukiliniki njala ikangoyamba, mukanene mosabisa kuti, "Anesi, kunyumba tikudya kamodzi patsiku, mankhwalawa ndizimwa bwanji?" Iwo ndiwo angasinthe mlingo kapena nthawi, osati inu nokha kapena aneba.

Chachisanu ndi chiwiri: yang'anani amene amadya pomaliza

M'nyumba ya njala, mayi amagawa, n'kunena kuti iye wadya kale kukhitchini. Nthawi zambiri sanadye. Ngati ali woyembekezera kapena woyamwitsa, njala yakeyo ndi ya anthu awiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumayambira m'mimba mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, masiku 1,000 oyamba aja. M'mera mpoyamba. Abambo, nkhani iyi ndi yanu: onetsetsani ndi maso anu kuti mayi wadya, ndipo chiwalo chabwino cha nkhuku kapena dzira lokhalo limene lapezeka lipite kwa iye ndi kwa wamng'ono.

Mwana wosafika miyezi 6 ayamwe bere lokha, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri akudya zina. Mayi akamaona ngati mkaka wachepa, chofunika n'kumudyetsa iyeyo ndi kuyamwitsa pafupipafupi, osati kupatsa khanda maheu a m'botolo kapena madzi a shuga. Mwana woyamba kudya akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa pa mbale ya onse akuluakulu amamupitirira. Kusikelo musadumphe, ndipo sabata ya umoyo wa ana, imene imachitika kawiri pachaka, ikafika, akalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Mapazi onse awiri akatupa, kapena lamba wopimira mkono akafika pofiira, musagone naye. Chiponde cha m'mapaketi chimene amapereka kuchipatala ndi mankhwala a mwana ameneyo. Chisagawidwe kwa abale ake, chisagulitsidwe.

Atsikana achisodzera amafunika diso lapadera miyezi imeneyi. Mtsikana wopita kusukulu ndi njala, wopanda sopo ndi zovalira kumwezi, sachedwa kukopeka ndi bambo wa ndalama ya tchipisi. Akabwera ndi zinthu zimene simunamugulire, musangolandira n'kukhala chete, komanso musayambe ndi ndodo. Azakhali kapena agogo akhale naye pansi, amve chimene akusowa.

Mvula ikagwa, ana amatola mango aawisi, bowa ndi mizu ya kutchire. Bowa wosadziwika asalowe mumphika, ndipo chinangwa chowawa chisendedwe n'kuviikidwa masiku angapo chisanaumitsidwe kapena kuphikidwa, ngakhale njala itawawa chotani.

Chachisanu ndi chitatu: bonanza, kubetcha ndi kaloba

Munthu wotsala ndi kandalama kosakwanira pamela amaganiza kuti akakaponya m'makina kapena kubetcha mpira pafoni kachuluka. Makinawo anapangidwa kuti mwini wake ndiye azipindula, apo ayi sakanawaika pamenepo. Kaloba nayenso amadya zokolola zisanache. Ikani lamulo pakhomo lakuti ndalama ya chakudya isakhale mu foni imene muli zobetchera. Isungidwe ndi amene amaphika. Lowani gulu losunga ndi kubwereketsana la m'dera lanu, ndipo pokambirana za tsiku logawana, limbikirani kuti likhale mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo inu mukalandira mugule chimanga ndi nyemba sabata yomweyo, za Khirisimasi zisanakuyandikireni.

Chomaliza: pemphani thandizo nkhokwe isanagone pansi

Kope lija likakuonetsani mu Okutobala kuti chakudya sichifika, yambani kuyenda nthawi yomweyo. Kumudzi yambirani kwa a mfumu ndi a komiti yoona za anthu ovutika, imene ambiri amaitcha CWAC. Iwo ndiwo amathandiza polemba mayina a Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika. Ku ofesi ya zachitukuko cha m'madera funsani za Food Security Pack, imene imapereka mbewu ndi feteleza kwa mabanja ovutika koma otha kulima. Kwa alangizi a zaulimi a m'kampu yanu funsani za FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, ndi za mbewu zocha msanga, ndiponso ngati a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, atsegula malo ogulitsira chimanga kwa anthu a m'dera lanu. Kusukulu funsani ngati ana akuphikiridwa chakudya, ndipo ngati akutero mwana asajombe. Ponyamuka tengani NRC yanu, khadi la kusikelo la mwana, ndi mabuku a kuchipatala a aliyense wodwala matenda okhalitsa kapena wolumala pakhomo panu. Mukauzidwa kuti mubwerenso, funsani tsiku lake ndi ofesi yake, mulembe m'kope momwemo.